Makomo Aakulu pa Pulani ya Arvo

Arvo Kinnunen anayika rula papepala kachitatu, ndipo kachitatu konse rulayo inanena zomwezo. Khomo la chipinda chogona, mainchesi 36. Khomo la bafa, 36. Ngakhale kachipinda kopachikamo majekete, 36.

"Darlene, nyumba tikumangayi ndi ya anthu kapena ya ng'ombe?"

Mkazi wake anali pasinki atamufulatira, akutsuka kapu imodzi yomweyo kwa nthawi yaitali. "Colleen wojambula pulaniyo akuti makomo a masiku ano ndi otero."

"Colleen akuti. Nanga ichi Colleen akuti n'chiyani?" Anagogoda ndi pensulo pakati pa bafa, pomwe panali mzere wamadontho wozungulira ngati gudumu. "Ndayeza. Mainchesi 60 kuchoka uku kufika uku. Tizivina m'bafamo?"

"Ukamufunse mwini wake. Ine ndinali mphunzitsi, si wojambula."

"Koma unasaina."

"Ndinasaina. Nawe saina, anthu ayambe kukumba."

Arvo sanasaine. Anakulunga mapepalawo, n'kuwamanga ndi kalabala, n'kuwaika pamwamba pa filiji.

Funso lakelo linali lachiphamaso. Arvo anagwira ntchito zaka 38 ku Houston, m'chigawo cha Texas, akujambula mapulani a mapaipi a m'mafakitale oyenga mafuta, ndipo pulani ankaiwerenga mofulumira kuposa nyuzipepala. Tanthauzo la mzere wamadonthowo ankalidziwa bwino lomwe. Ndi malo oti njinga ya olumala izitembenukirapo. Makomo aakuluwo anali oti njingayo izidutsa osakhula m'mbali. Chomwe sankadziwa n'chakuti ndani anauza wojambulayo kuti aike zimenezi, ndiponso kuti munthuyo akudziwa chiyani za thupi lake chomwe iye mwini sanauzidwe.

Chifukwa chokayikira anali nacho. Mu Januwale, asanasamuke ku Houston, Arvo anachita chizungulire n'kugwa m'galaja, ndipo anagona m'chipatala masiku awiri. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi basi, azimwa mankhwala. Koma iye anaona ndi maso ake dokotala wina akuyitanira Darlene panja pa chipinda. Anayankhulana nthawi yaitali, dokotalayo atagwira dzanja la Darlene n'kumalitembenuza ngati akumupepesa maliro. Sabata yomweyo Darlene, amene zaka zonsezi ankakana kwamtuwagalu zobwerera kudziko lozizira, anangoti, "Tiye tizipita kwathu."

Anafika mu Epulo n'kuchita lendi kanyumba kumunsi kwa tauni, kumpoto kwenikweni kwa Michigan. Tauni ya ubwana wawo inali ndi matchalitchi asanu ndi awiri, mabala omwera mowa khumi ndi anayi, ndi wenzulo ya kumgodi yomwe inkadzutsa munthu aliyense, wodwala ndi wamoyo yemwe. Yomwe anaipeza inali ndi sitolo yogulitsa makandulo onunkhira. Nsanja yachitsulo ya pamgodi wa mkuwa inali ikadali chiimire paphiri, koma tsopano ankaipenta chaka ndi chaka kuti alendo azijambulitsapo akumwetulira, pamalo pomwe panadya mapapo a makolo awo. Nyumba ya makolo a Arvo inagwa kalekale ndi kulemera kwa chipale. Pamalopo panangotsala sauna yamatabwa yomwe bambo ake anamanga okha, mosambira nthunzi Loweruka lililonse. Apo ndi pomwe Arvo ankafuna kumanga.

Anapeza katswiri wojambula mapulani a nyumba, Colleen Bouchard, mwana wa mkulu wina yemwe kale ankayendetsa galimoto yochotsa chipale m'misewu. Colleen anali ndi kagwiridwe kakekake ka ntchito. Asanajambule mzere ndi umodzi womwe, ankakhala pansi ndi mwamuna ndi mkazi onse pamodzi, kenako aliyense payekha kwa ola lathunthu, chitseko chili chotseka.

"Pamaso pa mnzawo, anthu amandiuza nyumba yomwe akufuna kuti aneba aione," anawauza tsiku loyamba. "Akakhala okha ndi pomwe amandiuza yomwe adzakhalemo. Ndipo zomwe ndamva kwa wina sindikauza winayo."

Pa ola lake Arvo anapempha zinthu ziwiri: sauna ya bambo ake isakhudzidwe, ndipo chipinda chogona chikhale m'mwamba, zenera lake lalikulu liyang'ane kunsanja ya mgodi. Chojambula choyamba, cha mu Juni, chinali ndi zonsezo. Kenako Darlene anapita kumzinda wa Marquette kawiri pabasi, akuti kukaona makatani, makatani a nyumba yomwe inalibe ndi zenera lomwe, ndipo anabwerako chimanjamanja. Mu Seputembala pulani yomaliza inabwera bedi litatsika pansi, makomo atakula.

Nthawi nayo inali itatha. Womanga anati akufuna pulani yosainidwa ndi onse awiri pofika Lachisanu la pa 10 Okutobala. Kupitirira apo nthaka imaundana, konkire ya maziko sithiridwa, ndipo munthu amadikira mpaka Meyi. Mzere wa Arvo unali ukadali wopanda dzina.

Lachitatu m'mawa anatenga mapepalawo n'kupita nawo kumalo omwera khofi, komwe kale kunali bala ya anthu a kumgodi. Tsopano khofi wake anali wamayina asanu ndi atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ankakoma ngati wa m'ketulo ya mayi ake. Anapeza Wally Tregembo, mnzake wa kupulayimale yemwe sanachokepo m'tauniyi, akulimbana ndi chitumbuwa cha nyama ndi mbatata.

"Texas, bwanji nkhope ngati wameza msomali?" anafunsa Wally.

"Taona ichi, mdala." Arvo anatambasula pepala n'kuloza makomo, kenako gudumu la m'bafa.

Wally anapukuta zala pa thalauza n'kuvala magalasi. "Ine za mizere sindizidziwa. Koma za makomo aakuluzi ndinaziona kwa mlamu wanga Reino. Ana anabwera, 'Adadi, tikukonzereni nyumba.' Anakulitsa makomo, anakhoma zitsulo zogwirira m'bafa. Khirisimasi isanafike tinali tikumunyamula." Analuma chitumbuwa. "Koma zoona, bokosi linadutsa bwinobwino. Silinakhule pena paliponse."

"Zitsiru ngati iwe ndi zomwe zinandisamutsa kuno."

"Nanga unabwereranji? Unatisowa." Wally anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Koma aise, ndikuuze. Mwezi wa Ogasiti ndinamuona Darlene akutuluka muofesi ya Colleen. Lachiwiri, cha m'ma leveni. Yekha. Maso ali psuu."

"Lachiwiri amakasoka ndi azimayi kutchalitchi."

"Anasiya kuyambira Julaye. Mayi akunyumba akuti mwina akudzimva, poti anakhalako kumizinda ikuluikulu."

Arvo anakulunga pepala lake. Ola la Darlene linali litachitika kale mu Meyi. La mu Ogasitili linali lachiwiri, ndipo iye sanauzidwe.

Ofesi ya Colleen inali m'nyumba yomwe kale inali sitolo ya nsapato ya bambo Aho. Arvo anakumbukira fungo la chikopa ndi benchi yomwe ankakhalapo pomuyeza phazi. Tsopano munali tebulo lalitali, makompyuta awiri, ndi tinyumba ta makatoni pashelefu. Colleen, mayi wa zaka za m'ma 45, anali atavala jombo zamatope, akuchokera komwe akumanga.

"Bambo Kinnunen, khalani pansi. Mwabweretsa siginecha kapena ndewu?"

"Ndabweretsa rula." Sanakhale. "Ndinakupemphani chipinda chogona m'mwamba."

"Chipinda cham'mwamba chilipo, zenera lanu lilinso pomwepo. Ndangotsitsa bedi."

"Mwatsitsa bedi. Mwakulitsa makomo. Mwachotsa sitepe ya pakhomo lalikulu, kuno komwe chipale chimafika m'chiuno. Ndiye pali gudumu ili. Mayi, ine ndinayamba kujambula mapepala inu musanadziwe kulemba dzina lanu."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinayese kukubisirani. Ndikanatha kuufufuta mzerewo, bafa n'kukhalabe lalikulu chomwecho."

"Ndiye ndiuzeni. Akuuzani kuti ndatsala ndi zaka zingati zoyenda ndi miyendo yangayi?"

Colleen anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anamuyang'ana kwa kanthawi, ndipo Arvo sanakonde m'mene ankamuyang'anira. Munali chisoni m'masomo.

"Pa ola lanu lija munalira mukunena za bambo anu," anatero Colleen. "Kodi akazi anu anamva zimenezo kwa ine?"

"Sindinalire."

"Chabwino, linali fumbi. Koma nawonso zawo sindingakuuzeni. Zomwe ndingakuuzeni ndi ziwiri. Sindinakunamizenipo. Ndiponso sindikufuna siginecha ya munthu yemwe sakudziwa chomwe akusainira. Mayi ndinawauza zomwezi, osati kamodzi. Funso lanulo lili ndi mwini wake, ndipo mumadya naye patebulo limodzi."

"Ndiye kuti chilipo."

"Loweruka m'mawa ndikakhoma zikhomo pamalo paja n'kumanga zingwe, chipinda chilichonse monga chilili papepala. Ndimatero ndi aliyense. Munthu ayende m'nyumba yake isanamangidwe. Mubwere nonse awiri. Ngati n'kukana, mukakanire pomwepo."

Arvo anatuluka ali ndi chitsimikizo. Anthu atatu, mkazi wake, dokotala, ndi mwana wa Bouchard, anali atamuyeza, n'kumupeza wotha, ndipo ankamumangira nyumba yodwaliramo uku akumusekerera.

Masiku awiri otsatira anawaza nkhuni kuseri kwa nyumba ya lendiyo, mulu wokwana nyengo yonse yozizira, ngakhale kuti nyumbayo inkafunditsidwa ndi gasi. Anasankha malo ooneka bwino kuchokera pazenera la khitchini. M'bafa ankadzitsekera n'kuima ndi mwendo umodzi, akuwerenga mpaka makumi atatu. Anawerenga kapepala ka m'bokosi la mankhwala ake mpaka pa tizilembo tating'ono ta kumapeto, koma sanapezemo chachilendo, ndipo zimenezo zinangowonjezera kukayika kwake.

"Ukufuna kudzipha ndi nkhwangwayo?" Darlene anafunsa Lachisanu pa chakudya chamasana.

"Ndikufuna uone."

"Ndaona. Ndiwe ngwazi. Idya."

Arvo anakankha mbale. "Dokotala uja wa ku Houston anakuuza chiyani panja paja?"

Darlene anatsitsa manja ake pansi pa tebulo. "Anati uchepetse mchere."

"Mphindi makumi awiri za mchere?"

"Unali ndi wotchi?" Darlene anapuma mozama. "Arvo, tamvera. Pali chomwe..."

"Ayi, tamvera iwe. Bambo anga anatsika mumgodi zaka 31, ndipo anamwalira akuyenda okha kupita kusauna kwawo. Palibe amene anawakulitsira khomo. Ine sindilola kuikidwa m'manda ndili moyo, wamva? Kaya mwagwirizana zotani ndi mnzakoyo, ine ndikagona m'mwamba, ndizidzuka ndikuona nsanja ija, ndizitsika masitepe ndi miyendo yanga."

Anapitiriza nthawi yaitali, mpaka anafika pa wenzulo ya kumgodi ndi sitolo ya bambo Aho. Pomwe ankamaliza, Darlene anali atatseka kale pakamwa pake n'kuyamba kuchotsa mbale, imodziimodzi, iliyonse ndi manja awiri.

Loweruka kunacha kozizira, kopanda mphepo. Masamba anali atayoyoka kale ndipo udzu unali woyera ndi chisanu. Atafika paphiri pomwe panali nyumba ya makolo a Arvo, anapeza Colleen atamaliza. Nyumba yonse inali itagona paudzu: zikhomo zamatabwa zokhala ndi kansalu kofiira kunsonga, ndi zingwe zofika m'msongolo zosonyeza makoma. Kumunsi, pamtunda wa masitepe makumi anayi, kunali sauna yakale ija itada ndi ukalamba.

"Lowerani apa," anatero Colleen. "Bambo Kinnunen, osadumpha chingwe. Limenelo ndi khoma."

"Khoma la ulusi."

"Lero ndi ulusi. Mukalisuntha lero n'kwaulere, mukadzalisuntha chaka chamawa mudzafunika chihamala."

Anawayendetsa ngati m'nyumba yeniyeni. Apa mwadzuka, bedi lili apa. Mukupita kubafa. Mwatuluka, mukukaika ketulo pamoto. Darlene ankayenda pambuyo, timasitepe tifupitifupi, manja onse ali m'matumba a jekete. M'bafamo Colleen anali atajambula gudumu lija paudzu ndi penti yofiira. Arvo anaima pakati pake n'kuyang'ana akazi awiriwo, wina kenako wina. Anaona kuti nawonso ayang'anana.

"Basi," anatero. "Ndikuonetseni m'mene khomo la munthu wamoyo limakhalira."

Anapita pakhomo la chipinda chogona, n'kuzula chikhomo chimodzi. Anatulutsa tepi yake m'thumba, n'kuyeza mainchesi 30, n'kulemba ndi chidendene. Hamala ya Colleen inali paudzu, ndipo anaitola.

Colleen sanamuletse. Anayang'ana Darlene nthawi yaitali ndithu. "Ndikatenge khofi m'galimoto," anatero, n'kutuluka bwinobwino kudzera pakhomo lalikulu la zingwe, osacheuka.

"Bwera undigwirire," anatero Arvo.

Darlene anagwada pang'onopang'ono n'kugwira chikhomocho ndi dzanja lamanzere.

"Ndi lamanja, iwe. Wakhala kolakwika, ndikuphwanya zala."

Darlene anazengereza. Kenako anatulutsa dzanja lamanja m'thumba n'kugwira. Arvo anakweza hamala. Kansalu kofiira ka kunsonga kankagwedezeka, chonsecho kunalibe mphepo.

"Gwira bwino."

"Ndagwira."

"Chikugwedezeka ichi."

"Ndikudziwa, Arvo. Apa ndiye ndagwiritsitsa ndi mphamvu zanga zonse."

Hamala inatsika yokha mpaka paudzu. Arvo anayang'ana dzanja la mkazi wake. Linkanjenjemera kuyambira pamkono, chala chachikulu chikukhula chinzake ngati akupota ulusi, ndipo silinkasiya. Si kuzizira. Lamanzere linali phee pabondo. Anakumbukira kapu ija yotsukidwa osatha, ndi mbale zonyamulidwa ndi manja awiri. Anakumbukira kuti Darlene anasiya kusoka, anasiya kuyendetsa galimoto, anasiya kuvala malaya amabatani. Zonsezo anaziona zikuchitika pamaso pake, ndipo sanafunsepo.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, koma pang'onopang'ono. Dokotala uja ndi amene anaona, ndikukupatsa madzi m'chipatala muja. Ku Marquette anatsimikiza mu Julaye. Ndi matenda a Parkinson." Anasiya chikhomo chija, n'kugwira dzanja lonjenjemeralo ndi linzake. "Akuti sathamanga. Mwina zaka khumi, mwina zochepa. Koma masitepe ndi amene adzayambe kundikana."

"Ndiye njinga ija..."

"Ndi yanga. Iwe ulibe chilichonse. Udzafika zaka handiredi ukutopetsa anthu."

Arvo anamva thupi lake likupepuka, ndipo nthawi yomweyo anachita manyazi kwambiri chifukwa cha kupepukako. Manyaziwo anatuluka ngati mkwiyo.

"Unakauza mwana wa Bouchard. Munthu wapadera. Ine ndili pomwepa, tikugona bedi limodzi!"

"Anandifunsa."

"Anakufunsa chiyani?"

"Anati, 'Mayi, zaka khumi zikubwerazi mukudziona mukuyenda bwanji m'nyumba muno?' Tsiku loyamba ndinamunamiza. Mu Ogasiti ndinabwererako." Darlene anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Iwe chifikireni kuno ukucheza ndi akufa. Bambo Aho, wenzulo, bambo ako. Ndikati ndiyambe, ndimakupeza uli ku 1965. Dzulo lomweli ndinayesa."

Arvo anakumbukira bwino lomwe.

"Ndiponso chipinda cham'mwamba chija unachidikira zaka 38," anatero Darlene motsitsa mawu. "Ndimaopa kukhala ine wokulanda. Ndinati mwina Colleen ajambula mwanzeru, iwe usazindikire. Anandiuza kuti uzindikira tsiku lomwelo, ndiponso kuti sandithandiza kubisa."

"Nanga zobwerera kuno? Iwe umadana nako kuzizira."

"Ndimadana nako mpaka pano. Koma ndimafuna ndikadwalire komwe anthu anandidziwa manja anga ali bwino."

Anayesa kudzuka, koma mwendo sunamvere msanga. Arvo anamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa, ndipo anadabwa kuti wapepuka chonchi. Anaima choncho pakati pa zingwe kwa kanthawi. Paphiri linalo, nsanja ya mgodi inkanyezimira ndi penti yake yatsopano.

Kenako Arvo anawerama, n'kutola chikhomo chija, n'kuchibwezera m'dzenje lake lakale. Anachigwira yekha ndi dzanja limodzi n'kukhoma ndi linalo. Anayeza ndi tepi: 36.

Colleen anali atatsamira galimoto yake ndi makapu atatu, akuyang'ana kwina. Arvo anafika n'kutambasula pulani pa boneti, n'kutsendereza m'makona ndi hamala ndi tepi.

"Mayi Bouchard, mwalakwitsa."

"Pati?"

"M'khitchini. Pakati pa sinki ndi tebulo mwasiya mainchesi 48. Njinga itembenuka bwanji pamenepo? Munthuyu khitchini sangaisiye, ndikumudziwa, adzafuna azindilondera ndikamaphika. Ikani gudumu lanu lija pamenepanso."

Colleen anatulutsa pensulo. "Ndiyenera kusuntha khoma ili."

"Lisuntheni, ndi ulusi. Chachiwiri, njira yopita kusauna ndi yotsetsereka kwambiri. Ikhale yokhota, yotsika pang'onopang'ono, ya konkire. Ndipo khomo la saunayo ndi laling'ono, lilinso ndi thabwa lalitali pansi. Lidulidwe."

"Munati isakhudzidwe."

"Ndinatero. Bambo anga analidula okha khomo limenelo kawiri, mayi atayamba kunenepa. Sangakwiye." Anaika chala pa masitepe. "Chachitatu, izi chotsani. Chipinda cham'mwamba chonse."

"Arvo, ayi," anatero Darlene. "Chimenecho n'chako."

"Ndikakhalemo ndi ndani? Iwe uli pansi ukugwetsa makapu, ine ndili m'mwamba ndikuyang'ana chitsulo?" Anatembenukira kwa Colleen. "Zenera lalikulu lija litsike, likhale pomwe pali tebulo lodyera."

"Ndikuchenjezeni, bambo. Kuchokera pansi nsanja ija siioneka. Mitengo imatchinga."

"Ndaiona mokwanira."

Colleen analemba zonse m'mphepete mwa pepala. Anati maziko sasintha kwenikweni, ndipo mapepala atsopano akhala atatha pofika Lachitatu. Ngati Arvo asaina lero, womanga atha kubweretsa makina okumbira Lolemba, osadikira ndi Lachisanu lomwe. Anatsegula tsamba lomaliza n'kumupatsa cholembera.

Arvo anawerama kuti alembe, ndipo anaima. Pamwamba pa mzere wake wopanda kanthu panali dzina la mkazi wake. Darlene anaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo ankalemba pabolodi zilembo zikuluzikulu zoti mwana wa kumbuyo kwenikweni awerenge. Dzina lomwe linali papepalali linali ngati nyerere zili pamzere, ndipo linkacheperachepera mpaka zilembo zomaliza kusaoneka n'komwe. Pepalali anakhala nalo masabata atatu. Anayeza khomo lililonse katatu. Apa pokha ndi pomwe sanayang'anepo.

Analemba dzina lake pansi pake n'kubweza cholembera.

"Khofi wazizira," anatero Colleen.

"Onse a kuno ndi oipa, wotentha ndi wozizira yemwe," anatero Arvo. Anatenga kapu ya Darlene n'kumwako mpaka inafika pakati kuti khofi asatayike m'manja mwake, kenako anamupatsa. "Tiye ukandionetse pomwe ukufuna tebulo."

Anabwerera kunyumba ya zingwe ija. Arvo sanadumphe khoma. Anazungulira mpaka pakhomo lalikulu, n'kupinda mkono wake kuti Darlene akoleke dzanja lonjenjemera lija. Analowa onse awiri nthawi imodzi, phewa ndi phewa, ndipo khomolo linawakwana.